Chipongwe ndi nthabwala zonyoza amayi ofuna ufulu wovota

Chipongwe ndi nthabwala zonyoza amayi ofuna ufulu wovota ndi njira imene anthu otsutsa ankagwiritsa ntchito pofuna kufooketsa amayi amene anayamba kumenyera ufulu woponya voti, makamaka ku Britain ndi ku United States, kuyambira m'zaka za m'ma 1790 mpaka za m'ma 1920. Chipongwechi chinkafalitsidwa kudzera m'zithunzi zoseketsa za m'nyuzipepala, mapositikhadi, zisudzo, mafilimu ndiponso zolankhula za aphungu m'Nyumba ya Malamulo.

Nthabwala zambiri sizinkayankha mfundo zimene amayiwo ankapereka. Zinkachotsa nkhani pa funso la ufulu wa nzika n'kuiika pa nkhope ya mayiyo, zovala zake, ukwati wake ndi khitchini yake. Amayiwo nawonso anaphunzira kubweza, mpaka ena anatenga dzina limene ankatonzedwa nalo n'kulisandutsa lawo. Ku Malawi ufulu wa amayi wovota unabwera pamodzi ndi nkhondo yolimbana ndi atsamunda, koma mawu onyoza ofanana ndi akalewo akhala akumveka pamene amayi akupikisana nawo pa mipando ya ndale.

Chiyambi chake

Nthabwala ya amayi olamulira dziko ndi yakale kwambiri. Zaka pafupifupi 390 Yesu asanabadwe, wolemba zisudzo wa ku Athens dzina lake Aristophanes analemba sewero limene amayi amavala ndevu zongomata, n'kulowa mu msonkhano wa amuna ndi kulanda boma. Owonera ankaseka chifukwa kwa iwo zinali zosatheka.

Zinthu zinasintha pamene amayi anayamba kupemphadi ufuluwo. Mu 1792, Mary Wollstonecraft wa ku Britain anasindikiza buku lotchedwa A Vindication of the Rights of Woman, lonena kuti akazi ali ndi nzeru ngati amuna ndipo ayenera kuphunzira mofanana. Chaka chomwecho, Thomas Taylor anatulutsa kabuku komunyoza kotchedwa A Vindication of the Rights of Brutes. Mfundo yake inali yakuti ngati akazi ali ndi ufulu, ndiye kuti nyama nazonso zipatsidwe. Wolemba wina wotchuka, Horace Walpole, anamutchula Wollstonecraft m'kalata kuti ndi fisi wovala zovala za akazi.

Ku United States, msonkhano woyamba wa ufulu wa amayi unachitikira ku Seneca Falls, m'chigawo cha New York, pa 19 ndi 20 Julayi 1848. Panafika anthu pafupifupi 300, ndipo anthu 100 anasaina chikalata cha madandaulo awo: akazi 68 ndi amuna 32. Nyuzipepala zambiri zinauseka msonkhanowu. Elizabeth Cady Stanton, mmodzi mwa amene anaukonza, analemba pambuyo pake kuti ena mwa osainawo anachotsa maina awo chifukwa cha manyazi. Nyuzipepala ya New York Herald inasindikiza chikalata chonsecho kuti anthu achiseke, koma Stanton anakondwera, chifukwa mawu awo anafika kwa anthu ambiri amene sakanawamva. Frederick Douglass, amene kale anali kapolo, anali mmodzi mwa akonzi ochepa amene anauikira kumbuyo msonkhanowo.

Ku France, Jeanne Deroin anaima pa chisankho cha aphungu mu 1849 ngakhale kuti lamulo silinkamulola. Chaka chomwecho, wojambula Honoré Daumier anatulutsa zithunzi mu nyuzipepala ya Le Charivari zoonetsa amayi a ndale ngati anthu onyansa, olongolola ndi osasamala mabanja.

Zovala nazonso zinasanduka chida. Mu 1851, Amelia Bloomer analimbikitsa mu nyuzipepala yake diresi lofupikirapo lovalira pamodzi ndi thalauzi lotakasuka. Amayi amene analivala ankatsatiridwa ndi anyamata m'misewu akuwakuwiza. Patapita zaka zochepa, Stanton ndi anzake anasiya kuvala chovalacho, poona kuti anthu ankangoyang'ana thalauzilo osamva zimene akunena.

Pa 20 Meyi 1867, phungu John Stuart Mill anapempha Nyumba ya Malamulo ya Britain kuti mu lamulo la chisankho achotse mawu otanthauza "mwamuna" n'kuikapo otanthauza "munthu". Aphungu 73 anavomera ndipo 196 anakana. Chaka chomwecho magazini ya nthabwala ya Punch inatulutsa chithunzi cha John Tenniel choonetsa Mill akukankhira mwamuna pambali kuti gulu la amayi lidutse kukavota.

Dzina lotonza limene linasanduka lawo

Ku Britain kunali magulu awiri akuluakulu. La National Union of Women's Suffrage Societies, limene linayamba mu 1897 ndipo mtsogoleri wake anali Millicent Fawcett, linkadalira misonkhano, makalata ndi zopempha za ku Nyumba ya Malamulo. La Women's Social and Political Union linayambitsidwa ndi Emmeline Pankhurst ku Manchester mu 1903. Ili linkasokoneza misonkhano ya nduna, ndipo pambuyo pake linayamba kuswa mawindo ndi kutentha nyumba zopanda anthu.

Mu Januwale 1906, mtolankhani wa Daily Mail, Charles E. Hands, anawatchula amayi a gulu la Pankhurst kuti suffragette. Mawu anthawi zonse otchulira munthu wofuna ufulu wovota anali suffragist. Kachidutswa kothera ka -ette kamachepetsa chinthu, monga momwe Chichewa chimachitira ndi "ka-" ponena kuti "kamayi" kapena "kagulu". Cholinga chinali kuwaonetsa ngati timayi tongosewera ndale. Amayiwo sanalikane dzinalo. Anayamba kudzitchula okha motero, ndipo mu 1912 anatcha nyuzipepala yawo The Suffragette. Lero dzinali limatchulidwa mwaulemu m'mabuku a mbiri.

Mwezi womwewo wa Januwale 1906, Punch inatulutsa chithunzi cha Bernard Partridge chotchedwa The Shrieking Sister. Chinkaonetsa mayi wodekha atagwira mkono wa mnzake wokuwa ndi wosokonekera tsitsi, akumuuza kuti iye ndiye mdani wamkulu wa nkhani yawo. Chithunzichi chinagawa amayi pawiri, aulemu ndi amisala, ndipo njira imeneyi inagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri.

Nthabwala zimene zinkabwerezedwa

Pakati pa 1900 ndi 1914, positikhadi inali njira yotchipa yotumizirana uthenga. Anthu ankagula, kutumizirana ndi kusunga makhadi ambirimbiri, monga momwe anthu lero amatumizirana zithunzi pa WhatsApp. Makampani osindikiza anaona kuti makhadi oseka amayi ofuna kuvota akuyenda malonda. Mu 1909, kampani ya Dunston-Weiler ya ku New York inatulutsa makhadi 12 pa nkhani imeneyi yokha. Ngakhale makhadi anali ochuluka, nthabwala zake zinali zochepa ndipo zinkangobwerezedwa.

Yoyamba inali ya mbeta yonyansa. Mayi wofuna kuvota ankajambulidwa ndi mano otuluka, mphuno yaitali, mapazi akuluakulu ndi ambulera m'manja. Khadi lina la ku Britain linkaonetsa moyo wa mkazi m'zithunzi zinayi: kamtsikana kokondedwa, namwali wokopa amuna, mayi wa zaka 40 wosakwatiwa, kenako nkhalamba yolusa yomenyera voti. Uthenga wake unali wakuti mkazi amalowa ndale chifukwa wasowa mwamuna. Zoona zake n'zakuti atsogoleri ambiri anali pabanja. Emmeline Pankhurst anabereka ana asanu ndipo Elizabeth Cady Stanton anabereka asanu ndi awiri.

Yachiwiri inali ya mwamuna wolamulidwa ndi mkazi. Ankamuonetsa atavala epuloni, akuchapa zovala, akukolopa kapena akuyamwitsa mwana ndi botolo, pamene mkazi wake wavala chipewa akupita ku msonkhano. Khadi lina la Dunston-Weiler linajambula Uncle Sam, chizindikiro cha dziko la United States, atavala siketi. Nthabwala iyi inkalunjika kwa amuna, amene anali okhawo oyenera kuvota pa nkhaniyi, kuwaopseza kuti akavomera adzasanduka choseketsa pamudzi. Akatswiri a mbiri amanena kuti nthabwalayi inkaulula zina mosadziwa: ngati kuchapa ndi kulera ana kunali chilango chochititsa manyazi kwa mwamuna, ndiye kuti ojambulawo ankadziwa kulemera kwa ntchito imene akazi ankagwira tsiku lililonse.

Yachitatu inali ya mwana wosiyidwa. Mwana ankajambulidwa akulira, nyumba ili mbwee, mbale zosatsuka, mayi atasiya kapepala konena kuti abwera mochedwa.

Yachinayi inkayerekeza amayiwo ndi ana kapena nyama. Makhadi ambiri ankaonetsa mphaka wolusa atavala chipewa, atsekwe akuguba pamzere, kapena khanda likulira kuti likufuna voti.

Yachisanu inali ya kutseka pakamwa. Makhadi ena ankaonetsa mayi atamangidwa pampando, pakamwa patatsekedwa ndi loko, kapena lilime litakhomedwa. Pansi pake ankalemba mawu osonyeza kuti tsopano pakhala mtendere.

Mafilimu oyambirira anatengera zomwezo. Filimu ya ku Britain ya mu 1913 yotchedwa Milling the Militants imaonetsa mwamuna wosiyidwa ndi ana akulota kuti wakhala nduna yaikulu ndipo akulanga amayi ofuna kuvota.

Si amuna okha amene ankatsutsa. Mu 1908 ku Britain kunayamba gulu la Women's National Anti-Suffrage League, ndipo mmodzi mwa atsogoleri ake anali wolemba mabuku Mary Ward. Ku United States, Josephine Dodge anayambitsa gulu lofanana nalo mu 1911. Magulu amenewa ankanena kuti ndale ndi zauve ndipo zidzawononga ulemu wa mkazi.

Kuchoka pa kuseka kufika pa kumenya

Chipongwe sichinathere papepala. Pa misonkhano ya amayi, magulu a anyamata ankakuwiza olankhula, kuwagenda ndi mazira owola, ndipo nthawi zina ankatulutsa mbewa m'holo kuti amayi athawe anthu aseke.

Pa 18 Novembala 1910, amayi pafupifupi 300 anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo ku London. Kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi apolisi ndi amuna ena anawamenya, kuwagwetsa ndi kuwagwira malo osayenera. Tsikuli limadziwika kuti Black Friday. Pa 3 Malichi 1913, amayi zikwi zingapo anaguba mu mzinda wa Washington. Khamu la amuna linatseka msewu, likuwatukwana ndi kuwalavulira, apolisi ambiri akungoonerera, ndipo anthu oposa 100 anapita nawo kuchipatala.

Kuyambira mu 1909, amayi omangidwa ku Britain anayamba kukana kudya m'ndende. Boma linalamula kuti azidyetsedwa mokakamiza, powalowetsa kapaipi m'mphuno kapena pakamwa. Ngakhale zimenezi zinali zowawa ndi zoopsa, makhadi ena anazisandutsa nthabwala. Mu 1913 boma linakhazikitsa lamulo lotulutsa mkaidi akafooka ndi njala, n'kumumanganso akapeza mphamvu. Anthu analitcha lamulo la mphaka ndi mbewa, ndipo gulu la Pankhurst linajambula chithunzi cha mphaka wamkulu ataluma mayi wofooka. Mphaka amene kale ankaimira mayi wolusa tsopano anaimira boma.

Amayi akuda ankanyozedwa kawiri, chifukwa cha khungu ndiponso chifukwa chokhala akazi, nthawi zina ndi amayi anzawo omwe. Pa msonkhano wina ku Indiana mu 1858, amuna ena anaumirira kuti Sojourner Truth ndi mwamuna wodzibisa. Pa ulendo wa ku Washington wa mu 1913, mtolankhani Ida B. Wells anauzidwa kuti agube kumbuyo pamodzi ndi amayi ena akuda. Iye anakana, anadikira m'mbali mwa msewu, n'kulowa pakati pa nthumwi za kwawo ku Illinois.

Momwe amayi anayankhira

Njira yoyamba inali kusintha chithunzi chimene anthu anali nacho. Mu 1908 gulu la Pankhurst linasankha mitundu itatu: wofiirira, woyera ndi wobiriwira. Amayi ankalangizidwa kuvala bwino ndi kuguba mwadongosolo, kuti aliyense woona aone yekha kuti sakufanana ndi a pa positikhadi. Pa 21 Juni 1908, msonkhano wawo ku Hyde Park unasonkhanitsa khamu lalikulu kuposa lililonse limene nkhani ya voti ya amayi inasonkhanitsapo ku London. M'maulendo ena amayi ankaguba m'magulu a ntchito zawo: madokotala, anamwino, aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'mafakitale.

Njira yachiwiri inali kujambula zithunzi zawozawo. Gulu la Artists' Suffrage League linayamba mu 1907 ndipo la Suffrage Atelier mu 1909. Chithunzi china chotchuka cha Suffrage Atelier chili ndi mizere iwiri. Wapamwamba ukuonetsa zimene mkazi angakhale koma osaloledwa kuvota: meya, namwino, mayi wa ana, dokotala kapena mphunzitsi, wantchito wa m'fakitale. Wapansi ukuonetsa zimene mwamuna angakhale atakhalapo koma voti yake osalandidwa, monga mkaidi ndi chidakwa.

Njira yachitatu inali kutembenuza nthabwala. Mu Malichi 1912, dokotala wotchuka Almroth Wright analemba kalata yaitali mu nyuzipepala ya The Times yonena kuti matupi a akazi amawasokoneza maganizo, choncho sayenera kuvota. Clementine Churchill, mkazi wa Winston Churchill, anayankha mwachipongwe kuti ngati akazi ndi oipa chonchi, funso loyenera si la voti koma lakuti akaziwo angothetsedwa onse. Ku New York, Alice Duer Miller ankalemba mu nyuzipepala ya New York Tribune, n'kumatenga zifukwa za otsutsa ndi kuziika pa amuna. Ananena, mwachitsanzo, kuti amuna ndi okwiya msanga, monga zimaonekera pa masewera ndi pa misonkhano ya zipani, choncho ndiwo osayenera kuvota. Zolemba zake zinasonkhanitsidwa mu buku mu 1915.

Chitsanzo chodziwika kwambiri chinachitikira ku Winnipeg, ku Canada. Pa 27 Januwale 1914, amayi anapita kwa mtsogoleri wa chigawo cha Manitoba, Rodmond Roblin, kukapempha voti, ndipo iye anawakanira ndi mawu okoma onena kuti akuteteza ulemu wawo. Tsiku lotsatira amayiwo anachita sewero mu holo ya Walker Theatre. M'seweromo aphungu onse anali akazi, ndipo gulu la amuna linabwera kudzapempha voti. Nellie McClung, amene anasewera ngati mtsogoleri, anawakanira potsanzira mawu ndi kaimidwe ka Roblin. Holo inadzaza, anthu anaseka, ndipo ndalama zolowera zinathandiza kampeni yawo. Pa 28 Januwale 1916, Manitoba inakhala chigawo choyamba cha Canada kulola amayi kuvota.

Zotsatira

New Zealand inalola amayi kuvota mu 1893, kuphatikizapo amayi a mtundu wa Māori. Britain inalola amayi a zaka zoposa 30 okhala ndi katundu mu 1918, ndipo anali pafupifupi 8.4 miliyoni. Pamene boma linafuna kutsitsa zaka kufika pa 21, Daily Mail inayambanso chipongwe, kunena kuti dziko liperekedwa kwa atsikana ongodziwa madansi ndi mafashoni. Lamulolo linadutsabe mu 1928. Ku United States lamulo lalikulu la dziko linasinthidwa mu 1920, ngakhale kuti amayi ambiri akuda a kummwera anapitiriza kutsekerezedwa mpaka mu 1965. South Africa inalola amayi achizungu okha mu 1930, ndipo chimodzi mwa zolinga za boma la J. B. M. Hertzog chinali kuchepetsa mphamvu ya voti ya amuna akuda a ku Cape. Amayi onse a m'dzikolo anavota koyamba mu 1994.

Ufulu wovota ku Nyasaland ndi Malawi

Ku Nyasaland kunalibe gulu lomenyera voti ya amayi okha, chifukwa amuna akuda nawonso analibe voti. Nkhondo inali ya anthu onse akuda yolimbana ndi boma la atsamunda ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953. Chifukwa chimene atsamunda ankapereka chinali chofanana ndi chimene amayi a ku London ankauzidwa: anthuwa sanakhwime, ndale sakuzidziwa, ena awalankhulire.

Amayi anali pakati pa nkhondoyi. Mayi Rose Chibambo, amene anabadwa mu 1928 ku Kafukule m'boma la Mzimba, anayamba kusonkhanitsa amayi ku Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo anadzakhala mtsogoleri wa gulu la amayi la Nyasaland African Congress. Mu 1959, boma litalengeza lamulo la zadzidzidzi, anamangidwa ali ndi khanda. Mayi Vera Chirwa, amene anadzakhala loya woyamba wamkazi m'Malawi, nawonso anali mwa oyambitsa gulu la amayi la Malawi Congress Party. Apa chipongwe chinali chida cha amayiwo. Pa misonkhano ankaimba nyimbo zonyoza Chitaganya ndi nduna yake yaikulu, Roy Welensky.

Chisankho cha pa 15 Ogasiti 1961 chinalola amuna ndi akazi omwe, koma chinali ndi zoyenereza. Munthu ankafunika kudziwa kulemba ndi kuwerenga, kukhala ndi ndalama kapena katundu wokwanira, kukhala atapereka msonkho kwa zaka zambiri, kapena kukhala ndi udindo monga wa nyakwawa. Zoyenerezazi zinkakomera amuna, chifukwa ndiwo ambiri amene ankapita kusukulu, kupereka msonkho ndi kulandira ndalama za mbewu. Mayi wolima fodya pamodzi ndi mwamuna wake ku Kasungu, Dowa kapena Lilongwe ankagwira ntchito yomweyo m'munda, koma kawirikawiri dzina lake silinkapezeka m'kaundula. Onse olembetsa anali pafupifupi 110,000 okha, ndipo akazi anali ochepa.

Mu 1964 lamulo linalola munthu wamkulu aliyense kuvota. Koma pa chisankho cha mu Epulo chaka chimenecho, onse oimira Malawi Congress Party anadutsa opanda wopikisana nawo, moti voti sinaponyedwe. Mayi Chibambo anakhala phungu woyamba wamkazi, ndipo anapatsidwa udindo m'boma. Mu Seputembala 1964, pa mkangano wa Dr. Hastings Kamuzu Banda ndi nduna zake, anachotsedwa. Anathawira ku Zambia ndipo anabwerera mu 1994.

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, Kamuzu ankadzitcha Nkhoswe ya amayi onse ndipo amayi ankatchedwa mbumba yake. Malo awo odziwika pa ndale anakhala bwalo la magule: kuvala nsalu ya chipani, kuvina, kuimba zotamanda mtsogoleri ndi zonyoza amene ankatchedwa zigawenga. Chisankho cha aphungu chokhala ndi mpikisano chinachitikanso mu 1978, pakati pa anthu a chipani chimodzi. Voti yosankha pakati pa njira zosiyana inabwera pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 amapereka ufulu wovota kwa nzika iliyonse ya zaka 18, ndipo gawo 24 limaletsa kusala amayi.

Mawu onyoza amayi pa ndale za Malawi

Popeza nkhani ya kuvota inatha, chipongwe chinasamukira pa funso lakuti mkazi angavoteredwe kapena ayi. Amayi opikisana pa mipando ya uphungu ndi ukhansala akhala akudandaula kuti amatchedwa mahule, amafunsidwa za amuna awo, ndipo osakwatiwa amauzidwa kuti sangasunge dera pamene banja linawakanika. Nthabwala ya mbeta ndi ya nyumba yosiyidwa ndi zomwe zija za pa positikhadi.

Chitsanzo chodziwika ndi cha Mayi Joyce Banda, amene anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2009. Mu 2010, mkulu wa chipani cha Democratic Progressive Party m'chigawo cha kummwera, a Noel Masangwi, ananena kuti dziko la Malawi silinakonzeke kulamulidwa ndi mkazi. Mu Disembala chaka chomwecho Mayi Banda anachotsedwa m'chipanicho. Mayi Callista Mutharika, amene anali mkazi wa pulezidenti, anawanyoza kuti wogulitsa mandasi sangakhale pulezidenti. Mayi Banda anali atadziwika ndi ntchito yothandiza amayi a mabizinesi ang'onoang'ono kudzera mu bungwe la National Association of Business Women. Iwo sanalikane dzinalo. Anayankha kuti amalinyadira, chifukwa amayi ambiri a m'Malawi amadyetsa mabanja ndi malonda ngati amenewo. Yankholi likufanana ndi la amayi a ku London amene analandira dzina la suffragette. Pa 7 Epulo 2012, Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira, Mayi Banda analumbiritsidwa kukhala pulezidenti woyamba wamkazi m'Malawi.

Pa kampeni ya mu 2014, otsutsa anagwiritsa ntchito mfuu yakuti "Sesa Joyce Sesa" ndiponso mwambi wakuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. M'madera monga kwa Simlemba ku Kasungu, kumene ngolo ndiyo imatuta fodya ndi chimanga, mwambi wotere sufuna kumasulira. Mphamvu yake ili pakuti umamveka ngati nzeru za makolo, ndipo sunena kanthu za mfundo kapena ntchito za munthu amene akunenedwayo. Umaweruza akazi onse pakamodzi. Mayi Banda anakhala pa nambala yachitatu pa chisankhocho. Ofufuza amatchula zifukwa zingapo, kuphatikizapo kubedwa kwa ndalama za boma kotchedwa Cashgate kumene kunaululika mu 2013, ndi kukwera kwa mitengo pambuyo potsitsa mphamvu ya kwacha mu 2012. Chiwerengero cha aphungu aakazi nachonso chinatsika, kuchoka pa 43 mu 2009 kufika pa 32 mu 2014, pa mipando 193. Ofufuza ena amati zolakwa za mtsogoleri mmodzi zinaikidwa pa amayi onse, chinthu chimene sichichitika kwa amuna.

Kampeni ya 50:50, imene inayamba chisankho cha mu 2009 chisanachitike, imalimbikitsa kuti amuna ndi akazi akhale ofanana chiwerengero m'maudindo osankhidwa, ndipo imadzudzula mawu onyoza amayi pa misonkhano ya ndale. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Gender Equality Act. Mu Juni 2019, Mayi Catherine Gotani Hara anasankhidwa kukhala sipikala woyamba wamkazi. Nkhope ya Mayi Rose Chibambo, amene anamwalira mu Januwale 2016, yakhala pa ndalama ya K200 kuyambira mu 2012.